Mpira Ukagwa Pansi: Waponyedwa Kapena Wapulumuka?

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndinazolowera rugby, koma masiku ano ndimadzuka m'bandakucha kuonera mpira wa ku America wa NFL. Mu Disembala 2025, pamasewero a Seattle Seahawks ndi Los Angeles Rams, mpira unagwa pansi, anthu anasiya kusewera, wosewera wa Seattle anangoutola mwaulesi, kenaka tinamva kuti timu yake yapatsidwa mapointi awiri. Owulutsa mawu ankati ukanakhala fumble sakanapatsidwa, koma poti unali backward pass palibe vuto. Kodi zonsezi si mpira wogwa pansi basi? Woyimbira amazisiyanitsa bwanji?

Yankho: Achimwene, diso lanu silinakunamizeni. Mpira ukamagubuduzika pa udzu umaoneka chimodzimodzi, kaya wachoka bwanji m'manja. Koma woyimbira salabadira kugubuduzikako. Chimene amafuna kudziwa ndi mmene mpira unasiyanirana ndi dzanja, ndipo nthawi yoonera zimenezo ndi yochepa kuposa kuphethira.

Mpira woponyera kutsogolo ukakhudza pansi popanda wougwira, wafa. Kherere imalira, timu imabwerera pamene inayambira. Koma mpira woponyera m'mbuyo, kapena woponyera cham'mbali molunjika ndendende, umene amati backward pass kapena lateral, sufa ukagwa. Fumble nayonso siipha mpira. Fumble ndi pamene munthu anali ndi mpira m'manja bwinobwino, ndiye wam'pulumuka popanda iye kuuponya kapena kuumenya ndi phazi: wagundidwa, wina waukwatula, kapena wangoterereka ndi mvula. Apa muyenera kusiya kaye zimene munazolowera ku rugby, kumene mpira wopulumukira kutsogolo ndi knock-on ndipo woyimbira amaitana scrum. Ku NFL mpira wotero ndi wa aliyense amene augwere.

Ndiye pa mbali yaikulu ya masewero, backward pass yogwa pansi ndi fumble zimatha mofanana, ndipo palibe amene amavutika kuzisiyanitsa. Kusiyana kwake kumatulukira pa nthawi zochepa zokha, koma ndi nthawi zimene masewero amagamulidwira. Kuti mumvetse chifukwa chake, tibwerere ku 1978.

Pa 10 Seputembala chaka chimenecho, ku San Diego, timu ya Oakland Raiders inali kumbuyo 20 kwa 14, kutatsala masekondi 10, mpira uli pa mayadi 14 kuchokera pamzere wachigoli wa eni bwalo, San Diego Chargers. Quarterback wa Raiders (wosewera wotsogolera sewero ndi kuponya mpira), Ken Stabler, anagwidwa ndi Woodrow Lowe wa Chargers ndipo ankapita pansi. Akanagwa nawo mpirawo, masewero akanathera pomwepo. M'malo mwake mpira unachoka m'manja mwake kulowera kutsogolo. Mnzake Pete Banaszak anaufikira, naye osautola koma kuukankhiranso kutsogolo. Mnzawo wina, Dave Casper, anapunthwa nawo, kuugunda, kuutsatira, mpaka unawoloka mzere, iye n'kuugwera. Woyimbira wamkulu, Jerry Markbreit, anati inali fumble, ndipo touchdown, chigoli chokhala ndi mpira kuseri kwa mzere wachigoli wa adani, inavomerezedwa. Raiders inapambana 21 kwa 20. Pambuyo pake Stabler anavomera poyera kuti anachita dala. Mpaka lero sewero limeneli amalitcha Holy Roller.

Lamulo loletsa kugwetsera mpira kutsogolo mwadala linalipo kale. Vuto linali lakuti limafuna woyimbira alowe mumtima mwa munthu amene akugwa, thupi likupotokola, adani atamukangamira, n'kunena motsimikiza kuti uyu wachita dala. Za mumtima mwa mnzako sungazilumbirire. Choncho chaka chotsatira akuluakulu a ligi anasankha njira ina, yochotsa phindu la chinyengocho. Lamulo limene lilipo lero likuti pa nthawi zina, timu imene ili ndi mpira ikachita fumble, amene angautole n'kupita nawo patsogolo ndi yekhayo amene wagwetsa. Akautola mnzake wa timu yomweyo, mpira wafa, ndipo umabwezedwa pamene unapulumukira. Ngati wautolera kumbuyo kwa pamenepo, umakhala pomwe wautolerapo. Adani okha ndiwo ali ndi ufulu wonse woutola n'kuthamanga nawo. Nthawi zake ndi izi: pa fourth down, womwe ndi mpata wachinayi komanso womaliza wofikitsira mayadi 10, m'mphindi ziwiri zomaliza za theka lililonse la masewero, ndi pa try, mpata uja wowonjezera mapointi pambuyo pa touchdown.

Backward pass sanaiike m'lamulo limeneli, ndipo ndikuona kuti anachita bwino. Munthu woponyera mpira m'mbuyo akutaya malo amene timu yake yavutikira, komanso akuika mpira pangozi. Palibe chimene akuba. N'chifukwa chake pa sewero lomaliza mumaona osewera akuponyerana m'mbuyo motsatizana. Pa 9 Disembala 2018 Miami Dolphins inagonjetsa New England Patriots 34 kwa 33 motero: Kenny Stills anaponyera DeVante Parker, Parker anaponyera Kenyan Drake, Drake n'kukamaliza. Ngakhale umodzi mwa mipirayo ukanagunda pansi kaye, mnzake anali ndi ufulu woutola n'kupitiriza.

Tsopano tibwere ku zimene munaona. Anali masewero a pa 18 Disembala 2025 ku Seattle, kwa inu kunali kutacha kale Lachisanu. Seahawks inali kumbuyo 30 kwa 28 ndipo inayesa try ya mapointi awiri. Quarterback wawo, Sam Darnold, anaponyera mpira cham'mbali, kufuna mnzake Zach Charbonnet. Mpira unagunda Jared Verse wa Rams, n'kunjanja kulowera kutsogolo mpaka mu end zone, kuseri kwa mzere wachigoli. Oyimbira a m'bwalo anati unali mpira wakutsogolo wosagwidwa. Charbonnet anautola uli m'menemo. Ataunika kanema, anapeza kuti pamene mpira unakhudzira Verse sipanali kutsogolo kwa pamene unachokera m'dzanja la Darnold. Ndiye kuti inali backward pass.

Apa pali mfundo imene imasokoneza anthu ambiri. Mpira ukabadwa ngati backward pass umakhalabe backward pass mpaka wina augwire n'kukhala nawo. Kugunda munthu sikuusintha dzina. Kunjanjira kutsogolo sikuusintha, ngakhale kugubuduzika pa udzu sikuusandutsa fumble. Choncho lamulo lija la pa try, loti wogwetsa yekha ndiye atole, silinaukhudze. Zikanakhala kuti Darnold anagundidwa mpira n'kum'pulumuka asanauponye, Charbonnet n'kuutola malo omwewo, mapointi sakanakhalapo. Masewerowo anafika 30 kwa 30, ndipo Seattle inapambana 38 kwa 37 m'nthawi yowonjezera.

Nanga woyimbira amadziwa bwanji kuti mpira wapita m'mbuyo? Amayang'ana malo awiri pa bwalo: pamene mpira wasiyana ndi dzanja, ndi pamene wayamba kukhudza munthu kapena nthaka. Malo achiwiriwo akakhala pafupi ndi chigoli cha adani kuposa oyambawo, mpira ndi wakutsogolo. Akafanana, kapena achiwiriwo akakhala kumbuyo, ndi backward pass. Mapazi a woponya alibe ntchito, kumene wayang'ana kulibe ntchito. Ku rugby mukudziwa kuti amaona kumene manja alozera poponya, ndipo amavomereza kuti mpira wa munthu wothamanga umatengeka ndi liwiro lake. Kuno ayi, muyeso ndi nthaka. Wosewera wothamanga kwambiri akhoza kuponyera mnzake amene ali kumbuyo kwake, komabe mpira n'kukagwiridwa patsogolo pa pamene unachokera, chifukwa onse awiri akuthamanga. Akakhala kuti wadutsa kale mzere umene sewero linayambira, umenewo ndi mlandu wa mayadi 5, ngakhale kwa munthu wa rugby uoneke mpira wabwinobwino.

Kunena n'kosavuta. Pa 8 Januwale 2000, ku Nashville, Buffalo Bills inatsogola 16 kwa 15 kutatsala masekondi 16. Pa kickoff, pamene mpira umamenyedwa ndi phazi poyambitsanso masewero, Lorenzo Neal wa Tennessee Titans anagwira mpira n'kupatsa Frank Wycheck, amene anauponya kudutsa bwalo chopingasa kupita kwa Kevin Dyson. Dyson anathamanga mayadi 75, Titans n'kupambana 22 kwa 16. Poti pa kickoff saloleza kuponyera kutsogolo, nkhani yonse inagona pa funso limodzi lomweli. Mapazi a Wycheck anali malo ena, dzanja lake litatambasukira malo ena, Dyson naye anawerama kuti agwire mpirawo. Kamera imene siili molunjika ndi mzere wa mpira imanamiza: ikakhala chakumbuyo mpira umaoneka wopita kwina, ikakhala chakutsogolo umaoneka wopita kwinanso. Woyimbira wamkulu Phil Luckett anaonera kanema ndipo sanapeze umboni wosinthira chigamulo cha m'bwalo. Padutsa zaka zoposa 25, koma ochemerera Buffalo ambiri sanavomerebe.

Malire enieni a fumble ndi backward pass, amene munafunsa, amavuta kwambiri pamene osewera awiri ayandikana. Quarterback akamapereka mpira m'mimba mwa wothamanga, dzanja kwa dzanja, n'kulephera kulandirana, imeneyo ndi fumble, chifukwa mpira sunaponyedwe. Koma akauponya pang'ono chabe, kamtunda kosakwana mkono, ndiye kuti ndi pasi: ukalowera m'mbuyo ndi backward pass, ukalowera kutsogolo n'kugwa ndi mpira wakufa. Makochi amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Pa sewero lija limene wosewera amadutsa mothamanga kutsogolo kwa quarterback, matimu ambiri amaphunzitsa kuti asamupatse m'manja koma amukankhire mpira m'mwamba pang'ono chakutsogolo, kuti ukagwa ukhale wakufa, adani asautole. Woyimbira ndiye aone ngati panaoneka mpata pakati pa dzanja ndi mpira wolandira asanaukhudze, matupi akuluakulu atatchinga mbali zonse.

Kuvuta kwina ndi pamene woponya wagundidwa ali mkati moponya. Woyimbira wamkulu, wa chipewa choyera uja, amaima kumbuyo kwa quarterback makamaka kuti aziona dzanja. Funso lake ndi limodzi: pamene dzanja linayamba kupita, mpira unali udakali m'manja molimba? Ngati unali utagwedezeka kale, dzanja n'kupita lopanda kanthu kapena kungoukankha uli wotayirira, ndi fumble. Ngati dzanja linayamba kupita kutsogolo mpira uli m'manja, mdani n'kuligunda, lamulo limauwerenga ngati mpira wakutsogolo ngakhale ukagwere kumbuyo. Kale lamulo linkafika patali kuposa apa. Pa 19 Januwale 2002, chipale chikugwa ku Foxborough, Charles Woodson wa Raiders anagunda Tom Brady wa Patriots, mpira n'kugwa, Greg Biekert wa Raiders n'kuugwera. Woyimbira wamkulu Walt Coleman ataona kanema anati Brady anali akubwezabe mpira ku thupi lake dzanja litapita kale kutsogolo, choncho malinga ndi tuck rule ya nthawiyo, sinali fumble. Patriots inapambana 16 kwa 13. Lamulo limenelo linachotsedwa mu 2013, ndipo lero sewero lotero ndi fumble.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi kherere. Woyimbira akalakwitsa dzina la mpira koma osaimba, kanema akhoza kukonza zonse, chifukwa sewero lafika kumapeto kwake ndipo aliyense waona amene watola. Akaimba msanga, wadula sewero pakati, ndipo chimene chikanachitika palibe angachibweze. Pa 14 Seputembala 2008, ku Denver, mpira unaterereka m'dzanja la Jay Cutler wa Denver Broncos, Tim Dobbins wa Chargers n'kuutola. Ed Hochuli, mmodzi mwa oyimbira odziwika kwambiri a nthawi imeneyo, anali ataimba kale kuti ndi mpira wakutsogolo wosagwidwa. Kanema anaonetsa poyera kuti inali fumble, koma malamulo a nthawiyo sankalola kupereka mpira kwa Chargers kherere italira. Denver inakhalabe ndi mpira, inagoletsa, n'kupambana 39 kwa 38. Hochuli anavomera kulakwa kwake osabisala. Chaka chotsatira lamulo linasinthidwa kuti kanema akaonetsa kuti mpira unali wamoyo, ndipo wina anautola moonekeratu nthawi yomweyo sewero likupitirira, mpira uperekedwe kwa iyeyo pamalo pamene wautolera. Kuthamanga nawo sikuwerengedwa.

Lamulo lomwelo, limene linabwera pofuna kuteteza timu yotchinga ngati Chargers, ndi limene linapweteka Rams. Ndipo onani mmene zinayendera pa ulusi: Charbonnet anatolera mpira mkati mwa end zone. Akanautolera yadi imodzi kunja n'kulowa nawo, mapointi sakanaperekedwa, chifukwa mpira ukanaikidwa pomwe anautolera.

Ndikuuzeni maganizo anga mosabisa. Potsata buku la malamulo, chigamulo cha ku Seattle chinali cholondola, ndipo sindikuona pamene munthu angachitsutsire. Koma madandaulo a anthu a Rams ndimawamva. Wosewera amaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti woyimbira akaimitsa sewero, leka, ukagunda munthu pambuyo pake ulangidwa. Ndiye lamulo lina likumuuza kuti mpira ukakhala pansi udumphire, ngakhale sewero laimitsidwa, chifukwa mwina kanema adzanena zina. Malangizo awiriwa sagwirizana, ndipo pakati pawo ndi pamene anthu angavulazane. Mankhwala ake sali m'kuwonjezera ndime zina m'buku. Ali m'kuphunzitsa oyimbira kudekha pa mpira uliwonse woponyedwa cham'mbali kuseri kwa mzere woyambira. Mu NFL sewero lililonse limene mpira walandidwa ndi adani, ndi lililonse limene latulutsa mapointi, limaunikidwa pa kanema popanda kochi kupempha, ndipo kuyambira 2017 mawu omaliza amachokera ku likulu la ligi ku New York. Choncho woyimbira amene walola sewero kupitirira sanawononge kanthu. Chovuta chake n'chakuti kusintha chigamulo cha m'bwalo kumafuna umboni woonekeratu, ndiye woyimbira akazolowera kunena kuti mpira ndi wamoyo pongofuna kudziteteza, chigamulo chosatsimikizikacho chikhoza kukhala chomwecho kanema akalephera kuonetsa bwino. Kudekha ndi kherere n'kofunika, koma sikumuchotsera udindo woona.

Ku mpira wa m'makoleji, wa bungwe la NCAA, buku limamuthandiza woyimbira pomuuza kopendekera akakayika: mpira woponyedwa kuseri kwa mzere woyambira auwerenge ngati wakutsogolo, ndipo munthu amene amayesa kuponya kutsogolo amuwerenge kuti waponya, sanagwetse. Kumeneko lamulo la wogwetsa yekha limagwira pa fourth down ndi pa try, koma la mphindi ziwiri zomaliza kulibe. Mukamaonera masewero a makoleji Loweruka ndi a NFL Lamlungu musadabwe kuona zigamulo zosiyana pa sewero lofanana.

Pali kusiyana kwina kwakung'ono kumene kumaoneka mpira ukatuluka m'bwalo. Fumble ikagubuduzikira kutsogolo n'kutulukira m'mbali, mpira umabwezedwa pamene unapulumukira, kuti timu isapindule ndi kugwetsa. Backward pass ikatuluka, mpira umaikidwa pamene watulukira. Nawonso mpira umene center, wosewera wapakati pa mzere woyambira, amaponyera quarterback woima patali kumbuyo poyamba sewero umawerengedwa ngati backward pass, choncho ukadutsa pamutu pake pa fourth down, mnzake aliyense angautole n'kuthamanga nawo.

Chinthu chimodzi chimene chingakusokonezeni ndi mapepala a ziwerengero. Olemba ziwerengero za masewero amaika backward pass yotayika m'gulu la fumble. Pa 18 Disembala 2022, Jakobi Meyers wa Patriots anaponyera mpira m'mbuyo masewero ali 24 kwa 24, Chandler Jones wa Las Vegas Raiders n'kuuwakha m'malere, kukagoletsa, timu yake n'kupambana 30 kwa 24. Mpirawo sunakhudze pansi, ndipo Meyers anauponya dala, koma m'kaundula munalembedwa kuti Jones anabweza fumble. Mawu a olemba ziwerengero ndi a oyimbira si amodzi, ndipo owulutsa mawu amawasakaniza kawirikawiri.

Mukadzadzukanso m'bandakucha, mpira ukagwa pansi musathamangire kuyang'ana mulu wa anthu olimbirana. Mwa oyimbira 7 a m'bwalo, awiri amaima m'mbali molunjika ndi mzere woyambira, down judge ndi line judge. Mmodzi wa iwo akatambasulira mkono kumbuyo kwa timu yoponya mpira uli m'malere, akuuza anzake kuti iye waona backward pass, asaimbe. Mukaona woyimbira akuponya pansi kathumba kakang'ono, osati kansalu kachikasu ka mlandu, akusunga malo amene fumble yachitikira, chifukwa mwina mpira uyenera kubwerera pamenepo. Kenaka yang'anani pakona pa kanema wanu kuti ndi down yachingati ndipo kwatsala mphindi zingati. Ikakhala fourth down, kapena kwatsala mphindi zosakwana ziwiri, kapena ndi try, ndipo kathumba kali pansi, gwirani nambala ya jezi ya amene wagwetsa, muone ngati ndi yemweyo amene wadzuka ndi mpira.